Tsiku Limene Ndinamasula Mbuzi ya Apongozi

Anzanga, mukamandiona ndikudutsa pafupi ndi mbuzi n'kumayang'ana kumbali, musamati ndayamba kunyada. Ine ndi mbuzi tili ndi mbiri. Ndipo popeza ku Nkope konse nkhaniyi akuidziwa kale, bola ndikuuzeni ndekha musanaimve kwa ena ataithira mchere wambiri.

Ine ndinakulira ku Blantyre, m'nyumba za lendi zopanda ngakhale khola la nkhuku. Mbuzi ndinkaidziwa ikakhala pa chiwaya basi. Ntchito ya ukalaliki ndiyo inandibweretsa ku Monkey Bay, ndipo kumeneko ndinapeza mkazi wanga Chisomo, mphunzitsi wa kupulaimale, kwawo ku Nkope. Tili ndi ana awiri, Tadala wa zaka zitatu ndi Yamikani, yemwe nthawi imeneyo anali wa miyezi itatu.

Ndivomere chinthu chimodzi, ndine bambo wamantha. Mwana akatsokomola kamodzi, ine ndavala kale nsapato zopitira kuchipatala. Pakhomo la khitchini ndinakhomapo thabwa lofika m'mawondo kuti Tadala asayandikire mbaula, ndipo amene wakhala akupunthwa pa thabwalo tsiku lililonse ndi ine ndemwe. Ndiye taganizani mmene ndinamvera tsiku lina nditamuona Tadala akugenda kagalu ka aneba, kagaluko n'kulira, iye n'kumaseka! Mtima unangoti phwii. Ndinayamba kumuona atakula, ali wouma mtima, anthu akufunsana kuti kodi bambo wake ankatani. Sabata yomweyo ndinalowa kagulu kena ka kwathu kolimbana ndi nkhanza zochitira ziweto.

Kagulu kake n'kabwino, ndipo mpaka lero sindinatulukemo. Loweruka m'mawa timapita kumsika kukacheza ndi ogulitsa nkhuku kuti asamazipachike chadodolido pa njinga ulendo wonse, tinapempha ogulitsa mbuzi kuti aziziika pamthunzi ndi kuzipatsa madzi, ndipo ena anamvadi. Anatipatsanso tisheti yachikasu yolembedwa pachifuwa kuti ZIWETO NAZO ZIMAMVA KUWAWA. Mawu amenewa ndinamuphunzitsa Tadala mpaka ankawanena ngati pemphero. Vuto linali limodzi: ndinayamba kuona nkhanza paliponse, ngakhale pamene panalibe.

Tsono tchuthi cha uchembere cha Chisomo chinali pafupi kutha, ndipo funso linali loti Yamikani azitsala ndi ndani. Wantchito? Ine ndi mantha angawa, kusiya khanda kwa munthu amene sindikumudziwa? Ayi ndithu. Munthu mmodzi yekha amene mtima wanga unamuvomera anali apongozi anga, amayi a Chisomo. Tinagwirizana kuti tipite ku Nkope tikawapemphe adzakhale nafe miyezi ingapo. Koma pafoni anali atanena kale kuti, "Dimba langa ndisiyira ndani?" Choncho tinkadziwa kuti ulendowu ndi wokanyengerera.

M'minibasi Chisomo anandichenjeza.

"Bambo a Tadala, ndakupemphani. Tikukapempha, sitikukaphunzitsa. Kwathu kulibe msonkhano."

"Ndamva, mayi."

"Tisheti ija mwaisiya?"

"Kodi mukuiona?"

Sanaione, chifukwa inali mkati mwa shati. Ndinkangoti izinditeteza ku mphepo ya mwera, pajatu unali mwezi wa Ogasiti. Bodza loyamba limenelo.

Apongozi anga ndi mayi wamfupi, wachangu, wogulitsa masamba m'mbali mwa msewu, ndipo pa nkhani ya ulemu ndi achikale. Mkamwini salankhula naye maso ndi maso. Mawu awo onse amadzera mwa Chisomo, ngakhale ine nditakhala pomwepo pa mpando ndikumva chilichonse. Titapereka moni ndi shuga amene tinatenga, Chisomo anaitula nkhani ija. Iwo anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Auzeni bambo a Tadala kuti ndamva. Ndiyankha ndikabwerako kutchalitchi."

Linali Loweruka masana, tsiku la msonkhano wa amayi a mpingo. Anatenga Chisomo ndi khanda kuti akalionetse kwa anzawo, ine n'kutsala pakhomo ndi Tadala. Ntchito yanga inali imodzi yokha, kukhala pa mpando. Mwana wa sukulu ya mkaka akanaikwanitsa.

Sipanapite nthawi, Tadala anandikoka dzanja.

"Adadi, mbuzi ikulira."

Nditacheuka ndinaona mbuzi yaikazi yamawangamawanga itaima pafupi ndi mpanda wa bango, ikulira moyang'ana mpandawo. M'khosi mwake munali timitengo titatu tomangidwa mopingasa, tiwiri m'mbali, kamodzi pansi, nsonga zake zitatulukira uku ndi uku. Ikati itembenuke, timitengo tija tinkagunda mpanda. Abale, ine chinthu chotere ndinali ndisanachionepo. Magazi anathamanga. Ndinati mumtima, anthu awa, mpaka kupachika chiweto pamtanda chili chamoyo?

Ndinaijambula n'kutumiza chithunzi pa gulu lathu la pafoni. Wapampando wathu, amenenso ndi mwana wa m'tauni ngati ine, anayankha nthawi yomweyo kuti, "Nkhanza zoopsa! Chitanipo kanthu!" Ena awiri anaika tinkhope tolira. Munthu yekhayo amene akanandiuza zoona, mlangizi wa ziweto wa m'gulu lathu, foni yake inali yozima. Ndinadikira mphindi ziwiri, ndipo kwa ine kumeneko kunali kufufuza kokwanira.

Ndinayesa kumasula mfundo, koma zinali zomangidwa ndi ulusi wa ukonde, ndipo mfundo ya msodzi simasulidwa ndi zala za kalaliki. Ndinalowa m'khitchini mwa apongozi, ine mkamwini, n'kutengamo mpeni.

Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, panali Che Saidi, aneba a apongozi, bambo wachikulire amene ankasoka ukonde wake. Anandiyang'ana ndili chogwada pamaso pa mbuzi, mpeni m'manja.

"A ku Bulantaya, mukupha?"

"Ayi bambo, ndikuithandiza."

"Ooo. Eni ake mwawafunsa?"

Tamverani yankho langa, ndipo mundikhululukire. Ndinati, "Chifundo sichidikira chilolezo."

Che Saidi anaika ukonde pansi, ananyamula kampando kawo n'kukatembenuzira kumene kunali dimba, n'kukhalanso bwinobwino.

"Thandizani, bambo," anatero.

Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani mkuluyu wakonza pokhala ngati mpira uli pafupi kuyamba. Ine ndinadula ulusi. Sindinangodula malo amodzi, ndinadula paliponse kuti zisadzamangikenso, timitengo tija n'kutithyola pa bondo. Kenako ndinamugwira Tadala paphewa.

"Waona mwanangu? Tsopano mbuzi ili pa ufulu."

"Dzina lake ndi Sakhuta," anatero Che Saidi. "Ndangoti mudziwe."

Sakhuta anapukusa mutu kawiri, anandiyang'ana ngati akufuna kutsimikiza kuti ndine weniweni, kenako anaweramira pa kabowo ka m'munsi mwa mpanda, kabowo koti ine ndikanalumbira kuti ngakhale mphaka sangadutse. Mutu unalowa, mapewa analowa, mimba inadzipinda, kamchira n'kutsanzika. Nditasuzumira pamwamba pa mpanda, maso anga anaona zimene mbuzi ija inkalirira: mizere ya mpiru, repu, chimanga chachiwisi chofika m'chiuno, matimati atamangiriridwa ku timitengo, zonse zobiriwira pakati pa dziko louma. Dimba la apongozi! Dimba lomwe lija ankati alisiyira ndani!

Pamenepo m'pamene nzeru zinabwera, mochedwa ngati basi ya kumudzi. Timitengo tija sitinali chilango. Tinali toti mbuziyo isakwane pa bowo.

"Che Saidi, ndithandizeni!"

"Inu ndi amene mumathandiza, bambo. Ine ndimangosoka maukonde."

Ndinati ndithamange, koma nanga Tadala? Kumusiya yekha pabwalo, nyanja ili chapafupi, mpeni uli pansi? Zosatheka. Kumunyamula m'manja, mbuzi ndiigwira ndi chiyani? Ndinaona chitenje chili pa chingwe, chatsopano, chowala bwino, ndinachikoka n'kumubereka mwana kumsana. Sindinadzifunse kuti n'cha ndani. Pakhomo pamene pamakhala mayi mmodzi yekha, chitenje chingakhale cha ndani? Chinali cha apongozi, chimene anachapa kuti avale mawa lake ku mapemphero. Ine mkamwini, amene sindiloledwa ngakhale kuwayang'ana m'maso, ndinachimanga pachifuwa ndi mfundo ziwiri.

Ndinazungulira mpanda mpaka ndinapeza chitseko cha dimba, chomangidwa ndi waya. Ndinaganiza mwanzeru, mwa munthu amene anafika Folomu 4, kuti ndikatsegula kwambiri, mbuzi ipeza potulukira msanga. Ndinatsegula chitseko chonse n'kuchitsamiritsa ndi mwala kuti mphepo isachitseke.

Anzanga, nthawi ya chilimwe mbuzi za m'mudzi zimangoyendayenda, sizimangidwa. Ndipo mbuzi zimauzana, musatsutse. Ndili mkati kuthamangitsa Sakhuta pakati pa chimanga, ndinamva phokoso kumbuyo. Nditacheuka, zinali zikulowa pachitseko mwadongosolo ngati anthu opita ku chopereka: yakuda, yoyera, tonde wandevu, ana awiri, ndi zina ziwiri zovala timitengo tomwe tija m'khosi. Izo zinali zitayesa mpanda umenewu kwa miyezi osatheka, lero zapeza munthu wachifundo wazitsegulira khomo.

"Zitatuzo ndi zanga!" anakuwa Che Saidi. "Muzithamangitse mwaulemu, nazonso zimamva kuwawa!"

Anadziwa bwanji mawu amenewo? Ndinadziyang'ana pachifuwa. Shati inali itakodwa pa waya wa chitseko, mabatani atathothoka, ndipo pamwamba pa mfundo ya chitenje panali chikasu chikuwala, zilembo zonse poyera.

Zimene zinachitika kenako sindingazifotokoze mwandondomeko chifukwa panalibe ndondomeko. Ndikathamangira ya ku mpiru, ya ku repu ikudya. Ndikabwerera ku repu, tonde wagwetsa chimanga. Ndipo kumbukirani kuti ndili ndi mwana kumsana, ndiye sindikuthamanga kwenikweni, ndikudumphadumpha timapazi tating'ono, dzanja limodzi kumbuyo kugwirira mwana, ndikunena kuti, "Gwiritsa, Tadala, gwiritsa!" Mwiniwakeyo anali pa chisangalalo chimene sanachionepo chibadwire.

"Adadi, thamangani! Sakhuta akuwina!"

Che Saidi anali ataimirira tsopano, atatsamira mpanda, akuulutsa ngati wa pa wailesi. "Kumanzere, a ku Bulantaya! Ayi, kumanzere kwa mbuzi! Eee, yawadutsa! Walahi, mkamwini uyu ndi mphatso!"

Pakona pa dimba panali kachitsime kosaya kamene apongozi amatungapo madzi othirira. Ndinakaona mwendo wanga wamanja utalowamo kale mpaka m'bondo. Mwendo unatuluka, nsapato inatsala. Ndinayang'ana kumbuyo kuti ndione ngati mwana ali bwino, iye akuwomba m'manja kuti tibwerezenso.

Apa ndiye chifundo chinandithera. Ndinaona Sakhuta ataima pa nazale ya apongozi, pamene anafesa mbewu zoti adzawokere, akudya modekha, maso ali pa ine, kukamwa kukuyenda. Ndinazula mtengo umene unagwiriziza tomato, tomatoyo n'kugwa, ndinaukweza m'mwamba ndi manja awiri, ndipo mawu amene anatuluka pakamwa panga sindingawalembe pano chifukwa ana amawerenga.

Tadala anakuwa ndi mawu onse amene Mulungu anamupatsa.

"Adadi, musamenye! Ziweto nazo zimamva kuwawa!"

Ngakhale Che Saidi anasiya kuseka. Ndinatembenuka pang'onopang'ono, mtengo udakali m'mwamba, ndipo pachitseko chimene ndinatsegula chija panali apongozi anga. Pambali pawo Chisomo ndi khanda. Kumbuyo kwawo amayi a mpingo asanu ndi mmodzi, atavala zoyera, amene anawaperekeza kuti adzaone mkamwini wa ku ofesi amene amamva mbiri yake.

Anamuonadi. Nsapato imodzi, matope mpaka m'bondo, shati yopanda mabatani, chitenje cha apongozi pachifuwa, chibonga m'mwamba, ndi uthenga wa chifundo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.

Ndinatsitsa mtengo uja n'kuyesa kuubwezera pa tomato, ngati kuti ndimangoukonza.

Apongozi sanakuwe. Anapita kunyumba, anabwera ndi kambale ka madeya, anakagogoda kawiri ndi chala n'kuitana kuti, "Sakhuta, bwera kuno iwe." Mbuzi imene inandizunguza dimba lonse inayenda mwaulemu kupita kwa iwo ngati mwana wa kwaya, zinzake zonse n'kutsatira pambuyo. Anatuluka nazo, anachotsa mwala wanga uja, n'kutseka chitseko. Ntchito yonse sinathe ngakhale mphindi imodzi.

Kenako anayendera dimba mzere ndi mzere, manja kumbuyo. Atabwerera anaima pafupi ndi Chisomo, nkhope kumbali.

"Afunseni bambo a Tadala kuti goli la mbuzi yanga lili kuti."

Goli. Chinthucho chinali ndi dzina lake, ndipo aliyense pamenepo ankalidziwa kupatula ine.

"Akuti goli lili kuti," anatero Chisomo, osandiyang'ana.

"Auzeni kuti ndinalichotsa. Ndimaganiza kuti ikuvutika."

Mayi wina kumbuyo anatsokomola, koma sikunali kutsokomola.

"Bambo a Tadala," anatero Chisomo, ndipo awa anali mawu akeake, "thabwa lija munakhoma pakhomo la khitchini kuti mwana asafike pa mbaula, kodi ndi nkhanza?"

Foni inalira m'thumba, ndipo posowa poyang'ana ndinaitulutsa. Anali mlangizi wa ziweto uja, foni yake itayaka tsopano: "Limenelo ndi goli, musachotse. Mbuzi yovala chimenecho ndiye kuti ndi yoboola mipanda." Zikomo kwambiri, alangizi. Mwafika maliro atatha.

"Auzeninso," anapitiriza apongozi, "kuti zimene zadya mbuzi n'zochepa. Zambiri aponda ndi iwo. Mbuzi ilibe nsapato."

Apa amayi aja analephera kupirira. Wina anakhala pansi, wina anagwira mpanda, duku litapendekeka. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza za wantchito amene ndidzamusiyire Yamikani, mlendo woti sindikumudziwa, zonsezi chifukwa cha mbuzi yosakhuta ndi mpeni wa kukhitchini. Ndinamasula mwana, ndinapinda chitenje chamatope chija bwinobwino ngati kupinda kungachiyeretse, n'kuchipereka kwa Chisomo ndi manja awiri.

Apongozi anagwada pafupi ndi Sakhuta n'kuyamba kumupapasa m'khosi. Anakhalitsa pamenepo. Kenako anati, "Koma apa pokha akunena zoona. Ubweya wathothoka, kamtengo kamamukhula. Likapangidwa goli lina, pafunika kukulunga kansalu kofewa." Anaponya diso limodzi pachifuwa panga, koyamba chikwatirireni mwana wawo. "Tisheti imene avalayo ikuoneka yofewa."

Ndinakavulira kuseri kwa nyumba.

Che Saidi ndi amene anandiphunzitsa kupanga goli masana omwewo, akuseka mpaka misozi, ine ndikugwira timitengo, iwo akumanga mfundo. Tisheti ija tinaing'amba n'kukulunga mbali zonse zitatu. Titamaliza ndinabwerera pa mpando wanga uja, umene ndikanangokhalapo chikhalire zonsezi sizikanachitika, ndipo apongozi anakhala pamkeka n'kuitana mwana wawo.

"Auzeni bambo a Tadala kuti yankho lija ndi ili. Popita kutchalitchi ndinali nditaganiza zokana. Ndimati ana ali ndi makolo awiri, akwanitsa okha."

Chisomo asanandiuze, iwo anapitiriza.

"Koma lero ndaona kuti mwana wanga akulera ana atatu. Ndibwera Lolemba."

Anzanga, sindinadziwe kuti ndilire kapena ndivine. Ndinangowomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Auzeni kuti zikomo kwambiri," Chisomo n'kuyankha kuti, "Amva okha, mwana wachitatu."

Anabweradi Lolemba, ndipo Yamikani akunenepa m'manja mwa agogo ake. Dimba akuyang'anira ndi mng'ono wawo, koma kuwokera ndi kuthirira Loweruka lililonse ndi ntchito ya amene anaponda. Ndikatsika minibasi pa Nkope, amayi ogulitsa masamba amayamba kuitanizana kuti, "Bisani mbuzi, a Chifundo afika!" Ku gulu lathu nkhaniyi inathandizako, chifukwa tsopano tikamayenda timauza anthu kuti azikulunga nsalu pa goli, ndipo amene amafotokoza bwino za ubwino wa goli ndi ine. Tadala sanagendenso galu. Amene amamuyang'anitsitsa masiku ano akaona ndodo ndi bambo ake.

Sakhuta akadalipo. Amayendayenda m'mudzi ndi goli lachikasu, ndipo pansi pa chibwano chake, ukayandikira, pamawerengeka mawu amodzi amene anatsala: KUWAWA. Akandiona amabwera mothamanga n'kuima patsogolo panga, khosi atalitambasula, kudikira kuti mwina mtima wanga ugwanso.

Ayi, mayi. Ine ndinalumbira. Chilichonse chomangidwa pakhomo pa eni, kaya ndi mbuzi, kaya ndi chitseko, kaya ndi chitenje pa chingwe, ndimayamba ndafunsa amene anamanga. Ndipo mkulu wina akadzatembenuza mpando wake kuti andionere bwino, ndidzaika mpeni pansi pomwepo.